Printa ya laser yakalamba: mafunso ndi mayankho kwa amene akugwiritsabe ntchito HP LaserJet 1020 ndi zinzake

M'maofesi a masukulu, m'matchalitchi ndi m'timashopu tosindikiza makalata ofunsira ntchito mukadali ma printa ambiri a HP LaserJet 1020, 1018 ndi P1102, kuphatikizapo Canon LBP2900 imene m'kati mwake imafanana kwambiri ndi 1020. Mayankho ali m'munsimu alunjika pa makina amenewa, koma ambiri mwa iwo akhudzanso printa iliyonse ya laser yosindikiza zakuda zokhazokha.

Printa yanga yadutsa zaka khumi. Nkoyenera kuikonzabe?

Nthawi zambiri inde. LaserJet 1020 inatuluka mu 2005 ndipo ilibe zambiri zoti nkuwonongeka: mota imodzi yoyendetsa magiya, mabodi ochepa, kabokosi ka laser, fuser (chiwalo chotenthetsa kuti zilembo zigwire pa pepala) ndi cartridge (kabokosi kosunga inki ya ufa). Zimene zimatha msanga ndi za labala ndi za pulasitiki zomwe anazipanga akudziwa kuti zidzasinthidwa. Chabwino china nchakuti drum ili m'kati mwa cartridge, choncho mukaika cartridge ina mwasintha theka la ziwalo zopanga chithunzi pa pepala. Anthu ambiri amataya printa yamoyo chifukwa cha kalabala kamene mtengo wake sufika ngakhale pa mtengo wa rimu imodzi ya mapepala.

Kodi imasindikiza bwanji? Ndikufuna ndidziwe chimene ndikuyang'ana.

Drum, chija chobiriwira kapena chabuluu chonyezimira, imayamba yadzazidwa mphamvu ya magetsi ndi roller yakuda yotchedwa PCR. Kenako laser imawala pa drum malo okhawo amene payenera kukhala zilembo, ndipo pamenepo mphamvu ija imachoka. Toner, yomwe ndi ufa wa pulasitiki wosakaniza ndi chitsulo, imachoka pa magnetic roller nkukamatirira malo amene laser yadutsa. Pepala likamadutsa pansi pa drum, transfer roller imakokera ufawo pa pepala. Apa zilembo zimakhala zikadali ufa, mukhoza kuzifufuta ndi chala. Fuser ndiyo imamaliza ntchito: imatentha kufika madigiri pafupifupi 180 mpaka 200 nkudinda pepalalo monga ichitira simbi pa malaya, toner nkusungunukira m'pepala. Wiper blade imapala toner yotsala pa drum nkuitaya m'kachipinda ka zinyalala m'cartridge momwemo.

Vuto lililonse la maonekedwe a pepala limachokera pa chimodzi mwa ziwalo zimenezi.

Ndingadziwe bwanji kuti vuto lili m'cartridge kapena m'printa mwenimweni?

Njira yachidule ndiyo kubwereka cartridge imene mukudziwa kuti ikusindikiza bwino kwa mnzanu. Vuto likatha, printa yanu ilibe mlandu. LaserJet 1010, 1018, 1020 ndi 1022 zonse zimalowa cartridge ya nambala 12A, pomwe P1102 imafuna ya 85A.

Ngati palibe wobwereka, imitsani printa ntchito ili m'kati. Tumizani tsamba lodzaza zilembo, ndipo pepala likangolowa theka tsegulani chitseko cha cartridge. Printa iima pomwepo. Tulutsani cartridge, tsegulani kachivindikiro ka drum muone chithunzi cha toner chimene chili pa drumpo, kenako muone gawo la pepala limene silinafike ku fuser. Chithunzi chikakhala choipa pa drum, vuto lili m'cartridge kapena kwa laser. Chikakhala chabwino pa drum koma chofooka pa pepala, yang'anani transfer roller. Chikakhala chabwino konseko koma pepala likutuluka lodetsedwa, ndi fuser. Drum musaiyang'anire padzuwa kapena kuisiya poyera, kuwala kumaiwononga, ndipo zala zisakhudze pamwamba pake.

Wokonza amene wakutchulirani mtengo wa fuser asanayese zimenezi, mufunseni wadziwa bwanji.

Kadontho komweko kakubwerezabwereza kutsika ndi pepala. Nchiyani?

Tengani rula. Chiwalo chilichonse chozungulira chimadinda chilema chake kamodzi pa kuzungulira kulikonse, choncho mtunda wa pakati pa madonthowo umaulula chiwalo cholakwa. Pa 1020 ndi zinzake zolowa 12A, madontho otalikirana mamilimita pafupifupi 75 ndi a drum. Otalikirana pafupifupi 38 amachokera pa roller zazing'ono za m'cartridge, kawirikawiri PCR. Otalikirana 56 kapena 57 ndi a film, kachikopa kopyapyala kozungulira m'fuser. Pa printa ya mtundu wina manambala amasiyana, koma mukhoza kuwapeza nokha: yezani kunenepa kwa roller nkuchulukitsa ndi 3.14. Drum ya 12A ndi ya mamilimita 24, nchifukwa chake timapeza 75.

Chimodzimodzinso ndi zilembo zimene zikuonekanso m'munsi ngati mthunzi wa zam'mwamba. Yezani kuchokera pa chilembo chenicheni kufika pa mthunzi wake.

Nthawi zina chilemacho si kuwonongeka. Kachidutswa ka sitika kapena guluu wa envelopu womatirira pa drum amachoka ndi kansalu kofewa konyowetsa pang'ono ndi isopropyl alcohol. Koma drum ikabooka kapena kukalika, palibe chopukuta, nkusintha basi.

Zilembo zikutuluka zotuwa, zosawerengeka bwino.

Yambani ndi zosalira ndalama. Onani ngati EconoMode yayatsidwa mu Printing Preferences pa kompyuta, chifukwa imachepetsa toner dala. Tulutsani cartridge muigwedeze pang'onopang'ono uku ndi uku kuti ufa ufalikire. Zikasintha kwa masamba ochepa nkubwereranso, toner yatha.

Ngati toner ndi yodzaza, oganiziridwa ndi drum yotha, doctor blade (kachiwalo koyeza kuchuluka kwa toner pa magnetic roller) yotha, kapena toner yolakwika. Drum ikayenda maulendo angapo odzaza toner, khungu lake limapyapyala ndipo zilembo zimayamba kutuwa.

Pali china chimene ambiri sachiganizira pa printa yakale: fumbi pa kalilole wa laser. M'kabokosi ka laser muli magalasi ndi kalilole wautali wotumiza kuwala pa drum. Zaka zikamapita, fumbi losalala ndi utsi zimayala pa kaliloleyo, kuwala nkufooka. Chizindikiro chake nchakuti tsamba limatuwa mbali imodzi, kapena lonse, ngakhale mwaika cartridge yatsopano ya m'katoni. Kumasula kabokosiko ndi ntchito yofuna manja odekha, printa itazulidwa ku magetsi. Kalilole amapukutidwa ndi thonje lofewa, osakanikiza, chifukwa siliva wake ali pamwamba osati kuseri kwa galasi. Tisikulu timene tili m'katimo musatikhudze, tinakhazikidwa ku fakitale. Printa imene yakhala m'shopu ya m'mbali mwa msewu wafumbi imatha kusintha kwambiri mukangopukuta pamenepa.

Nanga mizere yakuda, pepala lotuwa ponseponse, kapena tsamba lakuda bii?

Mzere woonda wakuda woyenda kuchokera pamwamba mpaka pansi ndi drum yokalika kapena wiper blade yong'ambika. Mizere yokhuthala yothimbirira m'mphepete imatanthauza kuti kachipinda ka zinyalala kadzaza ndipo toner ikutayika. Mzere woyera wodula zilembo ndi toner yochepa, kapena kanthu kotsakamira pa doctor blade, kapena kachitsotso kotchinga njira ya laser.

Pepala lotuwa ponseponse ngati lagwa m'phulusa limaloza PCR yakuda kapena yotha, mwinanso toner yosayenera. Tsamba lakuda bii limatanthauza kuti drum sikulandira mphamvu nkomwe: onani ngati PCR yakhala bwino m'malo mwake, ndipo pukutani tizitsulo ta m'mbali mwa cartridge ndi tisipulingi ta m'printa timene timagundana nato. Tsamba loyera mbee, cartridge ili yatsopano, nthawi zambiri ndi tepi yotsekera toner imene sinasololedwe.

Toner ikufufutika ndi chala, mapepala akutuluka okwinyika.

Imeneyi ndi fuser. Fuser ya makina awa ili ndi kachitsulo kotenthetsa kopyapyala ka ceramic, film yotuwa yozungulira pamwamba pake, ndi pressure roller ya labala. Film ndiyo imatha msanga. Imang'ambika m'mphepete, ndipo mukhoza kupeza tizidutswa take pa mapepala otuluka. Chimaipha kwambiri ndi sitepulo ndi timapini totsalira pa mapepala ogwiritsa kale ntchito amene anthu amabweza m'printa pofuna kusindikiza kuseri. Sitepulo imodzi imakwanira kung'amba film ndi kukala drum pa ulendo umodzi.

Film imagulitsidwa payokha ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi fuser yathunthu. Poika yatsopano pamafunika girizi yake yopirira moto, yopakidwa mochepa pa kachitsulo kotenthetsako. Girizi ya galimoto kapena ya njinga imapsa, imauma, film nkusiya kuzungulira. Ka ceramic kaja nkosachedwa kuthyoka, kotero ngati simunaonepo wina akuchita, perekani kwa wodziwa. Pressure roller ikakhala yotupa kapena yosendeka, sinthani zonse ziwiri, apo ayi film yatsopanoyo sikhalitsa.

Musanaimbe fuser mlandu, onani mtundu wa pepala. Makadi a ukwati ndi mapepala okhuthala a satifiketi amafuna moto wambiri. Mukasankha Heavy kapena Cardstock mu Paper Type, printa imayenda pang'onopang'ono ndipo toner imagwira.

Printa ikulira koma sikutenga pepala. Nthawi zina ikutenga atatu pakamodzi.

Kukana kutenga ndi pickup roller, kalabala kamene kamakoka pepala loyamba. Kakatha kamasalala nkumaterera. Kachotseni, nkosavuta, kamagwidwa ndi timano tiwiri m'mbali. Kapukuteni ndi kansalu konyowa ndi madzi, kaume, mukabwezere. Ena amavula labalayo nkuitembenuza kuti mbali yosatha ibwere kutsogolo, ndipo zimathandiza kwa kanthawi. Palafini ndi petulo zimatupitsa labala, musayese. Nambala ya pickup roller ya 1020 ndi RL1-0266.

Kutenga ambiri pakamodzi ndi separation pad, kachidutswa kamene kamaletsa pepala lachiwiri kutsatira loyamba. Pa 1020 kamamangidwa ndi masikulu awiri kumbuyo kwa printa chakumunsi, nambala yake ndi RM1-0648. Ine ndimati ziwirizi zisinthidwe limodzi, chifukwa zimakalamba limodzi.

Thireyi ya 1020 imalowa mapepala 150. Kuthithikiza oposa pamenepo nkudziitanira vuto.

Mapepala akutsakamira m'kati pafupipafupi.

Onani malo amene akuima, chifukwa malowo ndiwo yankho. Likaima polowera, ndi pickup roller. Likaima pansi pa cartridge, mwina kachivindikiro ka drum sikakutseguka bwino, kapena pali chotchinga njira. Likaima ku fuser litapindikapindika, film sikuzungulira bwino kapena muli kachidutswa ka pepala lakale.

Pochotsa, zimitsani printa, tulutsani cartridge, ndipo kokani ndi manja awiri mosathamanga, kutsata mbali imene pepala limayendera ngati nkotheka. Mpeni, sizasi ndi sikuludiraiva zisalowe ku fuser. Film zambiri zimafa pa dzanja la munthu amene akuthamangira kasitomala, osati ndi ukalamba.

Ngati nyali ya olenji ikuphethira ngati muli pepala koma mulibe, fufuzani timbendera ta pulasitiki takuda tokhala m'njira ya pepala. Pepala likamadutsa limatikankha, ndipo kasipulingi kamatibweza. Kamodzi kakakanirira kapena kuthyoka, printa imakhulupirira kuti pepala likadali m'kati.

Pali vuto lina la ukalamba weniweni, lodziwika kwambiri pa LaserJet 1320, 2420 ndi 4250 koma lopezekanso pa zing'onozing'ono. Pickup roller imamasulidwa ndi solenoid, kachitsulo kokokedwa ndi maginito, ndipo pa kachitsuloko anamatapo kasiponji koletsa phokoso. Zaka zikapita kasiponjiko kamasungunuka nkutsala guluu. Kachitsulo kamamatirira, kamachedwa kubwerera, roller nkuzungulira kawiri. Zotsatira zake printa imakoka pepala lachiwiri mosayembekezera, kutulutsa tsamba lopanda kanthu, kapena kutsakamira ikamasindikiza masamba ambiri pomwe tsamba limodzi limadutsa bwino. Mankhwala ake ndi kupala guluu yense nkumatapo kachidutswa kopyapyala ka tepi. Ndalama sizilowapo, ntchito ndi yofika pamene pali solenoidyo.

Bwanji mavutowa amachuluka nthawi ya dzinja?

Pepala limamwa chinyezi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, rimu yosiyidwa yotsegula imanyowa osaoneka ndi maso. Mapepala otere amamatana, amapindika akadutsa pa moto, ndipo toner imagwira mwa apo ndi apo chifukwa mphamvu ya transfer roller imathawira m'chinyezimo. Mukaona kanthunzi kakutuluka pamwamba pa printa, musaope kuti ikupsa, ndi madzi a m'pepala. Sungani rimu m'chikutiro chake, m'kabati, osati pansi pa simenti, ndipo muziika m'thireyi okwanira tsiku limenelo.

Kudzaza toner kumawononga printa?

Kudzaza pakokha ayi. Cartridge ya 12A ilibe chip, choncho printa siidziwa nkomwe kuti yadzazidwa. Ya 85A ili ndi chip, ndipo kompyuta ikhoza kumanena kuti toner yatha pomwe mwadzaza kumene, koma imasindikizabe.

Chowononga ndi kudzaza kwa ulesi. Wodzaza wabwino amamasula cartridge, amataya toner ya m'kachipinda ka zinyalala, amapukuta PCR ndi magnetic roller, amayang'ana drum ndi ma blade, kenako nkuthira ufa. Waulesi amangoboola, kuthira, kumata selotepi. Kachipinda kaja kakadzaza, toner imatayikira m'printa, pa transfer roller ndi m'magiya. Ena amafika pobwezera toner ya zinyalala kuti igwirenso ntchito, ndiye mapepala otuwa aja.

Toner siyofanana. Ya HP ndi Canon za mtundu uwu ndi ya maginito, pomwe ya Brother ndi ya Samsung zambiri si ya maginito, ndipo ya fotokope yaikulu ndi inanso. Botolo lolembedwa kuti limalowa paliponse mulikayikire.

HP imati 12A imasindikiza masamba 2,000 ndipo 85A masamba 1,600, koma kuwerengera kumeneko nkwa tsamba la zilembo zochepa, ngati kalata yaifupi. Mayeso okhala ndi mapu ndi zithunzi, kapena pulogalamu ya maliro yokhala ndi chithunzi chachikulu, amadya toner kuwirikiza kangapo. Amene wakudzazirani asanamiziridwe kuba pa chifukwa chimenechi chokha.

Ndingailumikize ku UPS, invata kapena jenereta?

Ku UPS yaing'ono ya kompyuta, kabokosi ka batire kaja koigwiriza magetsi akathima, ayi. Fuser ikamayamba kutentha imakoka magetsi ambiri mwadzidzidzi, kuposa amene UPS yotere ingapereke, ndipo mukhoza kupha UPS kapena kuzimitsa kompyuta ntchito ili pakati. Invata iyenera kukhala ya pure sine wave ndiponso yamphamvu zokwanira. Zotchipa zija za modified sine wave zimasokoneza kayendetsedwe ka moto wa fuser ndipo zimatha kuotcha bodi ya magetsi. Pa jenereta, dikirani ikhazikike musanayatse printa, ndipo izimitseni printa musanazimitse jenereta. Magetsi akathima zulani pulagi, chifukwa pobwera ndi pamene amaononga zinthu.

Chenjezo lina ndi la printa zotumizidwa ndi achibale kapena zogulidwa pa kaunjika. Magetsi a ku Malawi ndi 230V. Printa yochokera ku UK kapena ku South Africa ilibe vuto, koma yochokera ku America ndi ya 110V, ndipo printa ya laser siisintha yokha monga imachitira chaja ya laputopu. Werengani chikwangwani cha kumbuyo musanalowetse pulagi. Pogula fuser yathunthu onaninso zomwezo, chifukwa ilipo ya 110V ndi ya 220V.

Kompyuta sikuiona printa, kapena ntchito zangounjikana osatuluka.

Sinthani chingwe cha USB kaye, chikhale chachifupi, cholowa mwachindunji m'kompyuta. Zingwe zimafa kuposa mmene anthu amaganizira.

Ntchito zikaunjikana pa Windows, tsegulani Services, imitsani Print Spooler, fufutani zonse zili mu C:\Windows\System32\spool\PRINTERS, kenako yatsaninso Print Spooler. Fayilo imodzi ya PDF yowonongeka imatha kutseka mzere wonse.

LaserJet 1018 ndi 1020 zimadalira kompyuta pa chilichonse. Zilibe ubongo wokwanira wodzikonzera tsamba, ndipo ngakhale pulogalamu yoziyendetsa imatumizidwa kuchokera ku kompyuta printa ikayatsidwa. Nchifukwa chake driver (pulogalamu ya pa kompyuta yolankhula ndi printa) ya printa ina ya HP siigwira, pamafunika yakeyake. Pa Windows 10 ndi 11 imagwira ndi driver ya HP ya 1020. Pa Linux pamafunika driver yotchedwa foo2zjs kapena HPLIP ndi plugin yake. P1102 ili ndi khalidwe lina: imatha kuonekera pa kompyuta ngati CD chifukwa cha Smart Install, njira yake yodziikira driver yokha, ndipo ikakanirira pamenepo muyenera kuzimitsa Smart Install kuti ioneke ngati printa.

Manambala amene printa zazikulu zimalemba amatanthauza chiyani?

Pa LaserJet zokhala ndi kasikirini, monga 4250 ndi P3015, 13 ndi pepala lotsakamira, 41.3 ndi pepala la msinkhu wosiyana ndi umene printa imayembekezera, 50 ndi fuser, 51 ndi 52 ndi laser ndi mota yake, pomwe 49 ndi 79 ndi kusokonekera kwa pulogalamu kapena formatter, bodi yolandira ntchito kuchokera ku kompyuta. Pa 49 ndi 79, zulani chingwe cha kompyuta, zimitsani, yatsaninso. Ikadzuka bwino, vuto linali fayilo imene inatumizidwa. Pa 50, izimitseni kwa mphindi 20 kapena 30 ndipo muilumikize kukhoma mwachindunji musanaganize zogula fuser, chifukwa magetsi ofooka amabweretsanso nambala imeneyi.

Ndingaiyeretse bwanji m'kati?

Zulani pulagi, dikirani fuser izizire. Pukutani ndi kansalu kouma kosasiya ulusi. Transfer roller, yakuda yofewa ija ya pansi pa cartridge, musaigwire ndi zala kapena kuithira spiriti. Toner yotayika musaiuzire ndi pakamwa kapena kuikoka ndi makina wamba okokera fumbi, ufawo ndi wosalala kwambiri, umadutsa nsefa nkudzaza chipinda. Valani chotchinga mphuno. Ikagwera pa malaya, akuntheni kenako chapani ndi madzi ozizira. Madzi otentha amaisungunulira m'nsalu.

Mphemvu zimakonda kufunda kwa bodi ya magetsi, ndipo ndowe ndi mitembo yake zimayambitsa shoti. Mankhwala opopera asalowe m'printa. Ikani nyambo yophera mphemvu pafupi, vindikirani printa usiku itazizira, ndipo nyenyeswa za mandasi zisamagwere pa tebulo limenelo.

Ndi liti pamene ndiyenera kuisiya?

Pamene bodi ya magetsi yapsa ndipo fuser nayo yatha, kapena pamene kabokosi ka laser kafa ndipo kolowa m'malo mwake kakufuna ndalama zoyandikira mtengo wa printa ina yogwiritsidwapo kale ntchito. Magiya olira ngati akuthyoka amasinthika, koma chimango cha pulasitiki chogwira magiyawo chikasweka, kukonza kwake sikukhalitsa.

Ganiziraninso kukula kwa ntchito. 1020 ndi P1102 anazipangira masamba osaposa 5,000 pa mwezi, ndipo chiwerengero chimenecho ndi malire, si chakudya cha mwezi uliwonse. Sukulu imene ikusindikiza mayeso a makalasi onse pa kamakina kotere izingosintha film teremu iliyonse. Pamenepo pakufunika printa yaikulu kapena fotokope, kakang'onoko katsalire makalata a mu ofesi.

Yakufayo musaitaye yathunthu. Chotsani pickup roller, separation pad, fuser, kabokosi ka laser, formatter, solenoid ndi thireyi, mulembe dzina la printa pa chilichonse nkusunga m'katoni mouma. Ziwalo zambiri za 1018 zimalowa mu 1020, ndipo okonza ma printa amagula zotere.